Mpamba Sudyedwa

Kumadzulo kwa nyanja ya Malombe, m'boma la Mangochi, kuli mudzi wina umene udapanikizika pakati pa msewu wa tala wochokera ku Liwonde ndi bango la m'mbali mwa nyanja. M'mudzimo muli mayi wina wachikulire amene aliyense, ngakhale amfumu amene, amangowatchula kuti Anganga, monga momwe Ayao amatchulira agogo. Nafenso tiwatchula chomwecho, pakuti adatipempha kuti dzina lawo tisalilembe. Akuti zina mwa zimene adakumana nazo zikukhudza anthu amene akali ndi moyo, ndipo iwo safuna kudzutsa milandu imene idagona kale.

Tidawapeza m'mawa atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, akusankha kambuzi wouma m'lichero. Titapatsana salamu tidawafunsa zaka zawo. Adaseka nati zaka sadaziwerenge, koma chimene akudziwa nchakuti adakwatiwa chaka chimene mapaundi ndi masheleni adatha, kutabwera kwacha ndi tambala. Chimenecho chidali chaka cha 1971. Ndiye kuti banja lawo ndi ndalama yathuyi nzobadwira pamodzi, ndipo monga muone m'nkhaniyi, nthawi zonse kwacha ikapunthwa, chala chotuluka magazi chinkakhala cha Anganga.

Chimene chidatitengera kumeneko si chuma, chifukwa chuma alibe. Tidamva kuti mayiwa adatsalapo chimanjamanja kangapo konse, koma mwa ana awo asanu ndi mmodzi palibe ndi mmodzi yemwe amene adakakulira pakhomo pa eni. Awerengi amene mudakulira kumudzi mukudziwa kuti zoterezi nzosowa. Umphawi ukalowa m'nyumba, oyamba kugawidwa amakhala ana: wina kwa amalume ku Limbe, wina kwa azakhali, wina akalere ana a anthu m'tauni, wamkaziyo akwatiwe msanga. Tidafuna kudziwa kuti iwo adachita zotani.

Masiku a Wenela ndi Teba

Bambo wa ana awo adali mmodzi mwa amuna zikwizikwi amene ankalembedwa ndi Wenela kupita kumigodi ya golide ku Joni. M'mwezi wa Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi adafera pomwepo. Dr. Kamuzu Banda adaletsa zolemba anthu, choncho amuna adayamba kubwerera kwawo. Mu 1977 njira idatsekukanso, dzina tsopano lili Teba, ngakhale kuti olembedwa adali ochepa poyerekeza ndi kale. Amuna a Anganga adali mmodzi mwa amwayiwo.

Zaka zimenezo Anganga amazikumbuka ngati zaka za mtendere. Gawo lina la malipiro a anthu a kumigodi linkasungidwa kuti adzalandirire kuno kwathu, kotero mwamuna akamafika pakhomo ankakhala ndi ndalama yooneka. Nyumba idafoleredwa ndi malata. Kudabwera njinga, wailesi, mabulangete ndi makina osokera. Iwo ntchito yawo idali kulima ndi kulera basi. Geni sankaidziwa, ndipo akuvomera okha kuti amayi osenza madengu a nsomba kupita nawo kumsika ankawayang'ana mowamvera chisoni.

Mu 1988 zonse zidaima. Padabuka kusamvana pakati pa dziko lino ndi South Africa pa nkhani yoyeza magazi anthu a kumigodi, ndipo pakati pa 1988 ndi 1992 Amalawi pafupifupi 13,000 adabwezedwa. Bambo uja adafika pakhomo osadzabwereranso, luso lake lonse lili lakuswa miyala kunsi kwa nthaka. Ndalama zimene adasunga adagulira bwato ndi khoka, ndipo palibe adamudzudzula, pakuti aliyense m'mudzimo ankati nyanja siitha.

Komatu inkatha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Malombe inkatulutsa chambo chokwana matani zikwi zingapo pachaka, koma pofika 1992 sichinkafika ngakhale matani 1,000. Makoka a maso ang'onoang'ono adachuluka, nakokolola ana a chambo pamodzi ndi udzu wa pansi pa nyanja. Mu 1993 boma lidayamba kukhazikitsa makomiti a m'magombe kuti asodzi eni ake aziteteza nsomba, koma apo nkuti madzi atafika kale m'khosi. Pamwamba pa zimenezi padagwa chilala cha 1992, pamene chimanga cha dziko lonse sichidafike ndi theka lomwe la chaka cham'mbuyo, anthu nkumaima pamzere kulandira chimanga chachikasu chochokera kunja. Khoka lidalipo, munda udalipo, koma m'nyumba mudalibe ufa.

Mfundo ziwiri pachitenje

Apa mpamene Anganga adagulitsa mbuzi ziwiri zotsala m'khola limene amalume awo adawayambitsira, nakagula dengu lawo loyamba la kambuzi, kansomba kakang'ono kamene masiku a chambo anthu sankakalabadira kwenikweni.

Ntchito imeneyi ooneka ali patali amaiyesa yophweka. Munthu amadzuka kusanache, akangoswali Subuhi nkuthamangira kugombe kukadikira mabwato. Kumeneko amalimbirana nsomba ndi anzake, nagula pandowa pandowa. Akatero amayanika pathandala. Dzuwa likawala bwino masiku awiri akwana, koma kukachita mitambo nsomba imayamba kununkha, ndipo ndalama yonse yathera pomwepo. Yauma, amaithira m'madengu kapena m'matumba ndi kukaima pamsewu kudikira matola opita ku Liwonde, ku Zomba kapena ku Limbe. Dengu limalipira malo ake m'galimoto ngati munthu. Kumsika kuli chiphaso choti adule tsiku ndi tsiku, ndipo malonda akavuta amagona komweko pachiguduli, dzanja limodzi lili padengu. Zonsezi zikachotsedwa, chotsala chimakhala chochepa zedi.

Tidawafunsa kuti nanga ndi kachochepa kameneko adalera bwanji ana asanu ndi mmodzi. Sadayankhe ndi pakamwa. Adagwira chitenje chawo natisonyeza nsonga zake ziwiri. Kuyambira ulendo woyamba uja, akuti ankati akagulitsa amakhala pansi asanagule ngakhale chitumbuwa, nawerenga ndalama. Yogulira nsomba ina ankaimanga pansonga imodzi. Yotsalayo ankaimanga pansonga inayo. Mfundo yoyamba ndi mpamba, yachiwiri ndi phindu. Phindu ndilo linkagula ufa, mchere, sopo ndi makope. Mpamba sunkamasulidwa pena paliponse koma pagombe pokha.

Kunena nkosavuta. Tangoganizani usiku umene mfundo ya phindu ilibe kanthu, ana agona ndi phala la mchere, wamng'ono akulira, pamene m'chiuno mwa mayi wawo muli ndalama yokwana kugula thumba lathunthu la chimanga. Anganga akuti usiku woterewu udawachitikira kosawerengeka, ndipo ankagona chafufumimba kuti dzanja lisapite pamfundopo. Ankadziwa kuti akadya mpamba adya sabata imodzi, kenaka agawe ana.

Woyamba kulimbana ndi lamulo limeneli adali amuna awo. Khoka litang'ambika, bamboyo adapempha mpamba uja kuti akagulire ulusi ndi kulipira osoka, akumati adzabweza nsomba zikagwidwa. Anganga adakana. Kwa mwamuna amene zaka zonsezo ndiye ankabweretsa ndalama, kukanizidwa ndi mkazi wake chidali chipongwe chosasimbika, ndipo nkhani idakafika kwa ankhoswe. Ankhoswe a kuchikazi ndiwo adaithetsa pofunsa kuti m'miyezi itatu yapitayo nsima idachokera kukhoka kangati, nanga kudengu kangati. Bambo uja adangoti zii. Kuchokera tsiku limenelo, akuti ndiye ankawanyamulira madengu panjinga kukawatula kumsewu, ndipo pa ichi Anganga amawayamika mpaka lero.

Pali chifukwa china chimene adatiuza motsitsa mawu, mdzukulu atamutuma kukatunga madzi. Pagombe nsomba zikachepa, ogula nkuchuluka, mkazi wofika wopanda ndalama m'manja, wofuna kutenga pangongole, amapemphedwa zinthu zimene sitingazilembe m'magazini yowerengedwa ndi ana. Nkhani imeneyi njodziwika m'magombe ambiri a dziko lino, ndipo yapha anthu. Mkazi wolipira pompopompo amagula nachokapo mutu uli m'mwamba. Mfundo ija inkasunga zambiri, osati nsima yokha.

Katapira nayenso sadamuyandikire. Chisilamu chimaletsa riba, zimenezo akuzidziwa, koma akuti ngakhale akadapanda kumva kwa mashehe, masamu okha akadawaletsa. Kambuzi sangabereke phindu lofanana ndi chiwongoladzanja cha katapira, amene pakutha pa mwezi amafuna theka lina pamwamba, mwinanso kuwirikiza. Anzawo angapo amene adayamba nawo geni adathera kumeneko.

M'mwezi wa Febuluwale 1994 boma lidasiya kuikira kwacha mtengo wokhazikika. Dola imodzi ya ku America, imene chaka chikuyamba inkasinthidwa ndi ndalama zosafika K5, pofika Disembala idali cha m'ma K15, ndipo mu 1995 mitengo ya zinthu idakwera ndi 83 pa 100 iliyonse. Kandalama ka ku Joni kamene bambo uja adasiya m'buku kadasanduka ka ndiwo. Anganga nawo chidawapeza m'njira imene sadaiyembekeze. Ulendo wina adagulitsa bwino koposa kale lonse, mfundo ya phindu nkutupa, ana nkudya mpunga wa nyama. Atabwerera kugombe ndi mpamba wawo wa nthawi zonse adapeza kuti ukugula dengu limodzi ndi theka m'malo mwa awiri. Adali atadya mpamba osadziwa. Kuchokera pamenepo adaleka kuwerenga mpamba m'makwacha nayamba kuuwerenga m'madengu: asanamange mfundo ya phindu ankayamba afunsa kuti nsomba ili pa zingati kugombe lero. Mayi amene sadapondepo m'kalasi adazindikira yekha chinthu chimene chagwetsa masitolo a anthu ophunzira.

Chokhacho chimene chidawapepuza chaka chimenecho ndi sukulu yaulere ya pulayimale, imene idayamba mu 1994. Ana onse amene adali pamsinkhu adalowa.

Miyezi inayi ndi masiku khumi

Mu 1998, chaka chimene kwacha idagwanso m'mwezi wa Ogasiti, amuna awo adamwalira atavutika ndi chifuwa nthawi yaitali. Anganga amati lidali fumbi la kumigodi. Misozi isanaume, achibale a kuchimuna adafika. Adatenga bwato, khoka, njinga, wailesi ndi makina osokera. Adafuna kusasula ndi malata omwe, koma amfumu adawakumbutsa kuti malemuyo adali mkamwini, nyumba idamangidwa padothi la akuchikazi, ndipo aliyense wokwera padengapo ayambe waonana ndi iwo.

Pano sitiopa kunena. Chipembedzo chathu chidagawa kale chuma cha masiye: mkazi amene mwamuna wake wasiya ana amalandira gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu, ndipo gawo lalikulu ndi la anawo. Anthu amene adanyamula makina osokera pamaso pa ana amasiye ankaswali mumzikiti womwewo umene malemu ankaswali. Lamulo la dziko la chaka cha 2011 lokhudza chuma cha masiye limati kulanda kotere ndi mlandu, koma kwa Anganga lidabwera mochedwa. Sadakasume kulikonse. Akuti mpamba udali m'chiuno, ndipo m'chiuno mwa mkazi wamasiye palibe adalimba mtima kupisamo dzanja.

Chovuta chidali edda. Ophunzira ambiri a chipembedzo amalola mkazi wa pa edda kutuluka masana kukachita zofunika pa moyo wake, koma m'mudzimo nthawi imeneyo palibe adawauza zimenezi, ndipo ulendo wa ku Limbe ngogonera. Miyezi inayi ndi masiku khumi geni ikaima, mpamba ukadalowa mumphika. Ana aakulu aamuna adali kunyanja ngati alovi m'mabwato a eni. Amene adasenza dengu adali mwana wawo wachinayi, mtsikana wa zaka 15, yekhayo m'nyumbamo amene adasankhidwa kupita kusekondale. Adagwirizana kuti adzabwerera kusukulu edda ikatha. Itatha, fizi padalibe, anzake adali atapita patali, ndipo mtsikanayo adali atazolowera kale msika. Sadabwererenso.

Pofika pamenepa Anganga adasiya kusankha kambuzi uja, nayang'ana kunyanja nthawi yaitali. Ifenso tidakhala chete. Kenaka adati pa zonse zimene adataya, bwato, makina, mbuzi, palibe chimene amachilota usiku koma yunifolomu ya mwana ameneyo, imene adali atasoketsa kale.

Timakonda kuwatama amayi otere kuti ngolimba mtima, ndipo nzoona. Koma kutama kumeneku nthawi zina kumakhala njira yozembera funso. Mwinimbumba adali kuti? Achimwene awo adali kuti? Nanga ife amene timatolera Zakaat, fizi ya mtsikana mmodzi wamasiye ikadatilemera motani? Kulimba kwa mayi kuli ndi mtengo wake, ndipo kawirikawiri amaulipira ndi mwana wamkazi.

Njala ya 2002

Njala ya 2002 ambiri a inu mukuikumbuka. Zokolola za 2001 zidachepa, chimanga cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa, ndipo mtengo wake m'misika udakwera kangapo konse m'miyezi yochepa. Kumapeto kwa Febuluwale 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pangozi. Anthu adadya madeya, mango aawisi owiritsa ndi mizu ya kutchire. Mbuzi inkagulitsidwa pamtengo wa nkhuku, ndipo nsomba kumsika zidalibe ogula, pakuti munthu wopanda ufa safuna ndiwo.

Anganga adaona kuti ndalama yatha ntchito. Adatenga kambuzi wawo nakwera mapiri a ku Namwera mpaka kumalire a Chiponde, kumene chimanga chinkalowa kuchokera ku Mozambique, nakasinthanitsa mbale ya nsomba ndi mbale ya chimanga. Pobwera, china ankagulitsa kuti mpamba ubwerere, china nkupita kuchigayo. Pakhomo nkuti pali anthu 11, kuphatikizapo apongozi awo aakazi, mayi wa malemu uja, amene ana awo omwe adatenga bwato aja adalephera kuwasunga. Tidafunsa ngati sizidawawawe kudyetsa nyumba imene idawalanda. Adati gogoyo sadanyamule kanthu, ndipo ndi agogo a ana awo. Ankadya kamodzi patsiku, madzulo, onse m'mbale ziwiri. Palibe adamwalira.

Zotsatira tingodutsamo mwachangu, chifukwa nyimbo yake ndi yomweyo. Mwana wawo wachiwiri adapita ku Joni payekha, monga achitira anyamata ambiri a ku Mangochi, ndipo kwa zaka zingapo ankatumiza ndalama. M'mwezi wa Meyi 2008 kudabuka zipolowe zothamangitsa alendo, zimene zidayambira ku Alexandra mu Johannesburg ndi kupha anthu oposa 60. Mnyamatayo adabwera pabasi ndi kachikwama ka m'manja. Adapeza kuti amayi ake sadasiye geni ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha ndalama zakezo. Adali atagulira mbuzi. Paja akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mbuzi zomwezo ndizo zidamuyambitsira kagolosale. Mu Meyi 2012 dola idachoka pa K168 kufika pa K250 tsiku limodzi, ndipo mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse. Maulendo onsewa adawapeza Anganga alibe ndalama yogona m'nyumba. Imene sili m'nsomba ili m'khola, kapena ili kwa anzawo a chipereganyu, amayi asanu ndi atatu amene amasonkherana Lachisanu lililonse popanda chiwongoladzanja.

Masiku ano ku Limbe sapitanso, maondo akukana. Amagula pagombe, nayanika, nkutumiza kwa mwana wawo uja wa yunifolomu, amene tsopano ndi mayi wa ana anayi ndipo ali ndi benchi lake la nsomba mumsika. Ana onse a mayi ameneyo fizi yawo Anganga adathandiza kulipira, osapemphedwa.

Woyamba mwa anawo ndi mnyamata amene adatitengera mipando titafika. Adamaliza Folomu 4, wakhala zaka zitatu akufuna ntchito, ndipo tsopano akufuna kupita ku Joni. Pasipoti, basi ndi kandalama kofikira, zonse pamodzi zikufanana ndi mbuzi zonse za m'khola kuphatikizapo mpamba. Wapempha kwa agogo ake. Sadapemphe mwamwano. Adagwada pansi monga achitira mwana woleredwa bwino, nati Anganga, mpamba umenewu amayi anga adausunga ndi sukulu yawo, lero undithandize ine.

Anganga akuti mawu amenewa sadawapezere yankho, chifukwa ngoona. Akudziwa zimene Joni idawachita kawiri konse. Akudziwanso kuti kunyanja kulibe chimene mnyamata wa satifiketi angatsalire, ndi kuti m'nyumba ya mwana wawo uja ali ndi ngongole imene fizi siidathe kubweza. Kwa zaka zoposa 30 akaniza mwamuna wawo, achibale, njala ndi mimba yawo yomwe. Mdzukulu ameneyu sadamukanize, komanso sadamulole. Adamuuza kuti adikire amayi ake abwere kuchokera ku Limbe pa Idi, akhale pansi atatu, pakuti pa onse amene ali ndi mawu pa mfundo imeneyo, mwini wake weniweni ndi mayiyo.

Pamene tinkatsazika dzuwa lidali litafika pamutu. Anganga adathira kambuzi uja m'thumba, nasoka kukamwa kwake ndi chingwe, naitana mnyamatayo. Iye adasenza thumbalo paphewa natsagana nafe mpaka kumsewu, kumene tidamusiya ataima pamthunzi wa mtengo wa mango, akudikira galimoto yopita ku Limbe.